Makina Odikira Ulendo wa ku Dedza

Makina anga osokera amakhala pakhonde, ndipo sindiwafunditsa nsalu. Anthu a mumsewu mwathu muno mu Mabvuku, kuno ku Harare, anatopa nako kundilangiza. Amati fumbi la kuno ndi loipa, lidzawapha, ndiwasokere kachovundikira poti zidutswa za nsalu ndili nazo zambiri. Ndimangoti ndamva. Madzulo ndimawapukuta, kuwadontheza mafuta, n'kuwakokera m'nyumba, koma chovundikira ayi.

Aliyense wodutsa akaima pageti n'kuwayang'ana kawiri, ndimamuitana n'kumukhazika pampando. Ena amapalasa pang'ono, kuseka, n'kumapita, ndipo palibe mlandu. Ena amabweranso mawa lake. Mwa amene ndawaphunzitsa, wina amasoka mayunifolomu a ana asukulu ku Budiriro, wina ali ndi kashopu kake m'tauni. Panali mtsikana wina amene ankasoka ngati amukakamiza, maso ali pamutu panga nthawi zonse. Ndinamuuza kuti asanditayitse nthawi, apite akaluke anthu tsitsi poti n'kumene kuli mtima wake. Lero ndiye amandiluka, ndipo akamandikoka tsitsi amandikumbutsabe kuti ndinamuthamangitsa.

Mwezi watha ndinalakwira munthu. Pali mayi wina wa ku Tete amene amakagula tomato kumsika waukulu wa Mbare Musika n'kumagulitsa khomo ndi khomo, beseni lili pamutu. Anabwera kuno kuthawa nkhondo ali mtsikana wongokwatiwa kumene, pano tsitsi layamba kuyera. Akafika pageti panga amachedwa, ngakhale ndanena kale kuti tomato ndili naye. Tsikulo ndinamuitana.

"Lowani mudzayese, amayi. Saluma awa."

Anaseka mwamanyazi. "Ndimazikonda zosokazi, mai, kuyambira kale. Manje ndidzaphunzira tikabwerera ku Tete. Kuno tikungokhalako."

Sindikudziwa kuti mawu anatuluka bwanji. Ndinangomva ndikukalipa. "Mukabwerera liti? Nkhondo inatha ana anu asanamere mano, pano ali ndi ana awo olankhula Chishona chokhachokha. Mukudikira ndani?"

Anakonza nkhata yake, n'kutembenuka. Kuyambira tsikulo sanadutsenso mumsewu mwathu. Pakamwa panga ndi pachangu, aliyense amadziwa, koma apa sipanali pakamwa pokha. Mawu ake aja ndinakula nawo m'nyumba ino.

Abambo anga anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, kudzafuna ntchito kuno dziko lino lili m'manja mwa azungu. Anayamba m'mafamu a fodya, kenako anakhala khukhi m'nyumba ya mzungu wina, ndiye mmene tinapezera nyumba ino. Ankati anabwera kwa zaka zochepa chabe, ndipo ankanenabe choncho ndevu zitayera. Liwu limene ankaliopa kuposa mfiti linali lakuti mtchona, munthu amene anapita kuntchito n'kuiwala kwawo. Ashona akatinyoza kuti ndife anthu opanda mudzi, iwo ankangoseka. Koma mnzawo wa ku Malawi akayerekeza kunena kuti "achimwene mwatchona", moni ankatha mpaka Khirisimasi.

Umboni woti sanatchone unali katundu. Azibambo a msinkhu wawo ambiri ankachita zimenezi. Munthu sabwerera kwawo chimanjamanja, ndiye ankagula pang'onopang'ono zinthu zokaonetsa kumudzi n'kumaziika padera. Katundu ameneyo sankakhudzidwa. Ukangoyamba kumugwiritsa ntchito, ndiye kuti wavomera kuti kwanu ndi kuno. Kwathu kunali njinga yopachikidwa kudenga, imene matayala ake anang'aluka isanapondepo pansi. M'sutikesi yachitsulo munali mabulangete, mbale, ndi nsalu za alongo awo a abambo. M'nyengo yozizira ife tinkagona titadzipinda, titafunda makhoti akale, mabulangete atsopano ali m'sutikesi kudikira anthu amene sitinawaonepo. Ndiye panalinso makinawa.

Amayi anga anabadwira pafamu. Makolo awo anali a ku Malawi, koma iwo Malawi sanamuonepo ndi maso. Pakhonde pa sitolo ya pafamupo pankakhala telala, ndipo ali mtsikana ankamuthandiza kusokera mabatani. Telalayo akapita kukadya ankawalola kupalasa makina. Anaphunzira msanga, mpaka azimayi anayamba kupempha kuti madiresi awo asoke mtsikanayo. Abambo anawapeza pamakina pomwepo, ndipo pofunsira mbeta anati, "Ndidzakugulira ako." Sananame. Anagula atsopano, ine ndisanabadwe. Mutu wa makina unabwera m'bokosi lamatabwa lokhomedwa misomali, miyendo yake yachitsulo itakulungidwa m'masaka. Amayi ankasimba kuti anathamanga osavala nsapato kukabwereka nyundo kwa aneba. Pobwera, abambo anawagwira mkono.

"Awa ndi a kumudzi," anatero. "Ukasokera pakhonde pathu ku Dedza, anthu akaone kuti ndinakwatira telala."

Bokosilo linasanduka tebulo lathu. Tinkadyerapo, tinkalemberapo za kusukulu, alendo ankaikapo makapu a tiyi. Amayi ankalipukuta tsiku lililonse n'kuyalapo kansalu koluka. Zovala zathu ankasoka pamanja, atakhala pampando pafupi ndi bokosilo, ndipo akamasoka mapazi awo ankayenda okha. Zala pansi, zidendene pansi, zala pansi, zidendene pansi, kupalasa makina amene panalibe. Iwo sankadziwa kuti akutero. Pa simenti yathu yofiira ndi polishi panali malo awiri otuwa pamene mapaziwo ankakhala. Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti amayi onse amatero akamasoka.

Sukulu zikamayandikira kutsegula, nkhani inkabuka.

"Bambo a ana, ndingosokako mayunifolomu okha, ndiwabwezeramo bwinobwino. Adzadziwe ndani?"

"Ndidzadziwa ndine. Chaka chamawa tikupita. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo inafa kale, bambo."

Ankaseka onse awiri, koma amayi ndiwo ankayamba kuleka kusekako. Musaganize kuti abambo anali munthu wankhanza. Sanawamenyepo amayi, ankabwera ndi makeke otsala ku khitchini ya mzungu atawabisa m'thumba la jekete, ndipo Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankagogoda bokosilo ndi chala monyadira, ngati munthu wosisita ng'ombe yake. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuwasungira akazi awo chinthu chabwino. Ankati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, osaona kuti amayi kwawo kunali m'thengo momwemo.

Ine ndinalida bokosilo, ndipo chidani chinafika mpaka pa singano. Kusukulu nthawi yophunzira kusoka ndinkanamizira mutu. Nditakula ndinayamba kugulitsa zovala zakaunjika ku Mbare, ntchito yoyenera munthu wapakamwa ngati ine. Inkandidyetsa, koma sindinadzukepo m'mawa n'kuilakalaka. Ndinakwatiwa, ukwati unatha, ndinabwerera m'nyumba ino ndi ana anga, ndipo anawo nawonso anadyera pabokosi lomwelo.

Chaka chamawa cha abambo sichinafike. Poyamba inali nkhondo ya kuno, kenako mapepala, kenako miyendo inayamba kutupa. Anamwalira m'chipinda chino, ndipo tinawaika m'manda a kuno komwe, pakati pa anzawo ambiri amene nawonso ankapita chaka chamawa. Ndinene zoona, ndili m'kati molira ndinaganiza za makina. Ndinati tsopano amayi asoka.

Maliro atatha, akuluakulu a sosaite yathu ya maliro anakhala pansi kukamba za katundu. Mkulu wawo, mnzawo wa abambo wa kumudzi komweko, ananena kuti pa mwambo wathu katundu wa mwamuna ndi wa mbumba yake, ndipo woyenera kumutsegula ndi mwana wa alongo awo. Mwanayo anali ku Dedza. Anati atumiza uthenga kudzera mwa anthu okwera mabasi.

"Sekuru," ndinatero, poti kuno nkhalamba iliyonse timaitchula choncho, "makinawa abambo anagulira amayi. Inunso mukudziwa."

"Mwana wanga, iwe unabadwira mu lokeshoni. Katundu wa malemu satsegula mkazi mwini mbumba asanafike. Ukufuna akatinene kumudzi kuti tinadya za wakufa?"

Ndinkafuna kuyankha, koma amayi anandigwira bondo. "Khala chete," anatero. "Tadikira nthawi yonseyi, tilephere kudikira basi imodzi?"

Basiyo sinabwere. Tinamva kuti mwini mbumbayo afika akakolola. Kenako tinamva kuti akudwala mkazi wake. Kenako wina anati munthuyo ali ku Joni, ndipo za malume ake a ku Harare amangomva ngati nthano. Zaka zinkapita, ndipo matenda a shuga anali atayamba kudya maso a amayi. Choyamba analephera kulowetsa ulusi m'singano. M'mawa ndisanathamangire minibasi ya ku Mbare ndinkawalowetsera ulusi m'masingano angapo n'kuwabaya pakatani pafupi ndi mpando wawo. Kwa kanthawi zinkathandiza. Tsiku lina ndinapeza masingano onse ali pomwe ndinawasiya, ndipo mawa lake chimodzimodzi.

Koma mapazi sanasiye. Ichi ndicho chimandibwererabe mpaka lero. Ndinkalowa m'nyumba dzuwa litapendeka, n'kuwapeza ali pampando pafupi ndi bokosi, manja ali pamiyendo opanda kanthu, maso ali kukhoma, mapazi akupalasa. Ndinkaima pakhomo osafuna kuti adziwe kuti ndafika.

"Mhamha, tiyeni tingotsegula," ndinkatero. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wa ku Joniyo sabwera."

"Abambo ako akuona."

"Akuona chiyani? Kuti mwakhala wosasoka?"

"Ndati akuona." Nkhani inkathera pomwepo.

Bokosilo silinatsegulidwe ndi munthu. Chinali chaka cha kolera chija, m'masitolo mulibe kanthu, mipopi itauma kalekale. Madzi akumwa tinkakatunga kutali, koma a m'zimbudzi okha sankasowa. Tsiku lina masana paipi ya suweji inaphulika kuseri kwa nyumba, ndipo zonyansazo zinalowa pansi pa chitseko. Ndinawakweza amayi pabedi, n'kuitana aneba kuti tipulumutse katundu. Azibambo awiri anagwira bokosilo uku ndi uku n'kukweza. Linakwera lopepuka modabwitsa. Matabwa apansi anali atadyedwa ndi chiswe komanso madzi okolopera a zaka zonse zija, ndipo anatsala pansi pamodzi ndi zimene zinali m'kati. Pepala lamafuta limene anakulungira linang'ambika. Ndinaona chitsulo chakuda chonyezimira, chokhala ndi maluwa agolide, chitakhala m'madzi onunkhawo. Ndinali nditadyera pamwamba pake moyo wanga wonse, ndipo aka kanali koyamba kuchiona.



"Chagwa n'chiyani?" anafunsa amayi ali pabedi.

Palibe anayankha, ndipo ndikuganiza kuti kusayankhako n'kumene kunawauza. Ndinanyamula makinawo, kuwatsuka ndi madzi amene ndinasungira kuphika, n'kuwaika pakhonde. Mkulu wa sosaite uja anamva, anabwera ndi ndodo yake, atakalamba kwambiri tsopano. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati apeza matabwa ndi misomali, tiwatsekere bwino mwini wake asanamve.

"Sekuru," ndinatero, "mwini wakeyo akabwera adzawapeza pakhonde pano. Mumuuze abwere ndi nsapato zazitali, poti kuno katundu wake amasambira m'suweji."

Anatsegula pakamwa kuti andidzudzule, koma amayi anali atafika pakhomo akupapasa khoma. "Ndiike pafupi nawo," anatero. Ndinawagwira dzanja n'kuliika pamakinapo. Anayendetsa zala kuyambira pagudumu mpaka pasingano, pang'onopang'ono, osadumpha kalikonse. Anayesa kuzunguliza gudumu, linakana. Ine ndinkadikira kuti anene za abambo. M'malo mwake anati, "Akufuna parafini awa." Mkulu uja anavala chipewa chake n'kumapita, ndipo nkhani ya matabwa sinamvekenso.

Panapita masiku ndikuthira parafini ndi kupukuta. Miyendo yachitsulo ndinaitulutsa m'masaka, dzimbiri ndinapala ndi mchenga. Lamba wachikopa wozunguliza gudumu anali ataumiratu, anangoduka zidutswazidutswa m'manja mwanga, ndipo wina ndinakamupeza kwa anthu ogulitsa zitsulo zakale ku Mbare. Amayi ndiwo ankandiuza chilichonse. Njira ya ulusi anandionetsa ndi zala zawo zili pamwamba pa zanga, kuchokera pamwamba, kudutsa apa, kukolowa apa, mpaka m'singano. Zaka zonse zija panalibe chimene anaiwala.

Nditafunsa kuti tiyesere pa chiyani, anati, "Tsegula sutikesi, utenge nsalu ya alamu anga ija. Yadikira mokwana."

Inali nsalu yobiriwira, yotuwa m'mizere yopindira, yonunkha mankhwala a njenjete. Ndinawakhazika pampando pakhonde, dzuwa la masana likuwomba. Mapazi awo anapeza chopondera okha. Popeza sakanaona nsalu, ine ndinaima kumbuyo kwawo, manja anga kudutsa pamapewa pawo, n'kugwira nsaluyo pansi pa singano. Anakankha gudumu ndi chikhatho, n'kuyamba kupalasa.

"Usakoke, mwanawe. Nsalu imayenda yokha, iwe uzingoionetsa njira."

Ndinaleka kukoka. Nsalu inayamba kuyenda pansi pa zala zanga, makina akulira mofanana, osathamanga, osachedwa, ndipo kulirako kunali komweko kumene ndinkamva pa simenti kuyambira ndili khanda. Sindidziwa kufotokoza bwino zimene zinandichitikira. Ndinali mayi wa imvi, wa ana akuluakulu, ndipo apo ndi pamene ndinadziwa chimene manja anga ankafuna. Sindinafune kuti nsaluyo ithe. Chimwemwe chinandigwira pamodzi ndi mkwiyo, poti ndinaona kuti bokosi lija linabisira anthu awiri, osati mmodzi.

Titafika kumapeto anaimitsa gudumu ndi chikhatho, anadula ulusi ndi mano, n'kuyendetsa chala chachikulu pamsokowo kuyambira koyamba mpaka kotsiriza.

"Wawongoka?"

"Wawongoka, mhamha."

"Usandinamize poti sindiona."

"Shuwa, wawongoka."

Anaika nsalu pamiyendo. Sanalire. Ananena ndi mawu wamba, ngati akundiuza kuti kunja kukuzizira. "Ndikanasoka bwino ine, ukudziwa?"



Tinasoka limodzi nyengo yonse ya chilimwe, iwo akupalasa, ine ndikuonetsa nsalu njira. Kudula anandiphunzitsa ndi pakamwa, ndipo ndikalakwitsa ankadziwa pongogwira, n'kundiseka kuti mkono wa diresi ndausokera mwana wa njovu. Anthu ankaima pageti kudzaona mayi wosaona akusoka. Mvula isanagwe anamwalira. Za kaunjika ndinasiya chaka chomwecho.

Malo awiri otuwa aja alipobe pa simenti. Ndimathira polishi, koma sagwira. Masana ena magetsi akazima, mawailesi a aneba n'kukhala chete, ndimamva mapazi m'chipindamo, zala pansi, zidendene pansi. Sindithawa, ndi amayi anga. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mawu awo aja oti akanasoka bwino. Abambo sindinawakhululukire kwenikweni, ngakhale ndimapita kukalambula pamanda pawo, ndipo ndikafika ndimawauza kuti njinga yawo ikadali kudenga.

Tsiku limene ndinakalipira mayi wa ku Tete uja, pali chimene ndinaona. Ali chiimire pageti, beseni lili pamutu, ine ndikusoka, zala za kumapazi kwake zinkadina patapata mogwirizana ndi makina. Iye sankadziwa.

Sabata yatha ndinamupeza pamzere wa pamjigo, zigubu zili kumapazi. Anandiona n'kuyang'ana kumbali. Ndinapita kukaima pafupi naye.

"Amayi, pepani. Ndinalankhula moipa tsiku lija."

"Palibe kanthu, mai."

"Kanthu kalipo. Amayi anga anandisiyira mawu amene sindikufuna kudzawamvanso kwa munthu wina. Bwerani mawa. Simulipira chilichonse, tomato wanu ndidzakuyang'anirani ine."

Anasuntha chigubu ndi phazi poti mzere unali utayenda. Nkhope yake inkaoneka kuti ikufuna. Kenako anamwetulira mwaulemu.

"Ndamva, mai. Kungoti bambo a kunyumba akuti chaka chamawa tikupita. Akuti akandigulira anga kumeneko."

Nthawi ino sindinakalipe. Ndinamuuza kuti mpando uli pakhonde, ndinanyamula zigubu zanga n'kupita kumapeto kwa mzere. Mpaka lero sanabwere. M'mawa uliwonse ndimatulutsa makina, ndimalowetsa ulusi m'singano, ndipo geti ndimalisiya lotsegula.